Ufa wotsukira mano pa msewu wa ku Phalombe

Msewu wochoka pa Chitakale kulowera ku Phalombe umatsata tsinde la phiri la Mulanje, phiri kudzanja lamanja, chigwa chotambalala kumanzere. Minibasi ikamadutsa pa Likhubula, pomwe ambiri okwera phiri amayambira, tiyi amakhala atatsalira m'mbuyo. M'malo mwake mumabwera nandolo, chimanga ndi mpendadzuwa, ndipo thanthwe la Chambe limaoneka pawindo kwa nthawi yaitali. Mpaka kufika pa boma, woyenda sadandaula za kulemera kwa chikwama, pakuti galimoto ndiyo yasenza. Koma Phalombe, yemwe anapatulidwa ku Mulanje mu 1998, sathera pa phula. Wopita ku Nkhulambe, wokwera ku Sombani ndi wotsikira ku nyanja ya Chilwa, onsewa amafika pomwe katundu ayenera kumangidwa pa kabaza kapena kukhala paphewa, ndipo apa m'pamene munthu amaunikanso kanthu kalikonse m'chikwamamo ngati kakufunikadi. Chubu cha mankhwala otsukira mano nachonso chimaunikidwa. Masiku ano alipo ambiri amene akuti chubu chitsale kunyumba, woyenda atenge kabotolo ka ufa wachilengedwe. Ine ndikuona kuti akulondola mbali imodzi yokha. Ufa ndi woyeneradi msewu, koma kunena kuti ndi wachilengedwe sikutiuza kanthu pa zinthu ziwiri zomwe dzino limadalira: ufawo ndi wokhakhala bwanji, ndipo muli fluoride kapena ayi. Ulendo ukamatalika, zinthu ziwirizi zimanka zikulirakulira.

Ganizo loti ufa ndi wa apaulendo linatchuka kutali ndi kuno, m'mabwalo a ndege. Kuyambira mu 2006, okwera ndege m'mayiko ambiri saloledwa kulowa ndi zamadzimadzi kapena zofewa zopitirira mamililita 100 m'chikwama cha m'manja. Chubu chachikulu chimalandidwa pachipata, kabotolo ka ufa kamadutsa. Lamuloli silikhudza wokwera kabaza wa ku Migowi, komabe iye ali ndi zifukwa zake zomwe n'zolimba kuposa zimenezo. Chubu chimaphulika chikatsamiridwa ndi thumba la chimanga pansi pa mpando wa minibasi, n'kumata zovala zonse. Chikatha pakati pa ulendo, okala ya m'mudzi ikhoza kukhala ilibe china. Ufa ulibe madzi, choncho ndi wopepuka, suopa dzuwa la mu Okutobala, ndipo umakhala miyezi bola chinyezi chisalowemo. Sichinthu chatsopano ayi. Ku Ulaya ndi ku America anthu ankatsukira ufa wa choko kampani ya Colgate isanayambe kugulitsa mankhwala ofewa m'timabotolo mu 1873 ndi m'machubu mu 1896, ndipo ufawo unkagulidwabe kwambiri kufikira nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Kwathu kuno ufa sunachokepo n'kale lomwe: phulusa la pamafuwa, makala osinja, mchere, soda, ndi kamtengo kotafunidwa kunsonga.

Pamsika wa pa boma, pomwe woyenda amagula zotsala asanasiye phula, mfundo yoyamba imagwera mbali ya okonda ufa. Chimene chimatsuka mano kwenikweni ndi mswachi ndi dzanja loyendetsa mswachiwo. Pamano pamamata litsiro lofewa lodzaza ndi mabakiteriya, lomwe limayambanso kuunjikana patangopita maola ochepa munthu atatsuka. Likasiyidwa limatupitsa nkhama, limaziukhitsa magazi, kenako limauma n'kukhala gwa moti mswachi sulichotsanso. Litsiro limeneli limachoka ndi kukwecha basi. Mu 2016 akatswiri a ku Amsterdam anasonkhanitsa zotsatira za makafukufuku angapo n'kupeza kuti kutsuka kamodzi kumachotsa pafupifupi theka la litsiroli, kaya pamswachi pali mankhwala kaya palibe. Thovu limakometsa m'kamwa, koma silichotsa litsiro. N'chifukwa chake kamtengo ka makolo sikayenera kunyozedwa. Asilamu ambiri amagwiritsa ntchito miswak ya mtengo wa Salvadora persica, ndipo makafukufuku aonetsa kuti m'manja mwa wodziwa imachotsa litsiro mofanana ndi mswachi wa m'sitolo. Kutsidya kwa malire, pakati pa Amakua a ku Mozambique, omwe ndi abale a Alhomwe a kuno, muzu wa mulala umagwira ntchito yomweyo. Kanthambi ka nimu nakonso n'kodziwika. Vuto la kamtengo ndi limodzi: ulusi wake umaloza kutsogolo, choncho kufikira mkati mwa mano a kumapeto kumafuna kuleza mtima, ndipo wofulumira amangoyeretsa apamaso okha.

Kuchoka pa boma, msewu wafumbi umakwera pakati pa Michesi ndi Mulanje kulowa mpata wa Fort Lister, pomwe Angerezi anamanga linga mu 1893 kuti atseke njira yomwe ogulitsa akapolo ankadutsamo popita kugombe la nyanja ya mchere. Pampata pamenepa pamayambira njira yokwera ku kanyumba ka Sombani. Kwa munthu wokagona kumeneko usiku uwiri kapena utatu, sindikuona chifukwa chotsutsira ufa. Dzino silibooka m'masiku atatu. Wokwera phiri atatenga mswachi ndi kasoda pang'ono m'kabotolo, adzatsika ndi mano oyera ndi nkhama zabwino, ndipo sadzasiya chubu chopanda kanthu m'tchire. Nkhani ikanathera pa Sombani, okonda ufa akanapambana popanda wowatsutsa.

Ngakhale pamenepa, funso loti ndi ufa wanji silingadumphidwe. Chikutu cholimba cha dzino n'cholimba kuposa fupa, koma chikaperepeseka sichimeranso, ndipo m'munsi mwa dzino, pafupi ndi nkhama, n'chopyapyala kwambiri. Pansi pake pali gawo lofewerapo lomwe lili ndi timabowo tolunjika ku mtsempha. Likaonekera, madzi ozizira a m'mitsinje ya paphiri amalasa mpaka m'mutu. Mankhwala a m'chubu amayesedwa kukhakhala kwake, ndipo muyezo wa dziko lonse umati asapitirire 250 pa sikelo yotchedwa RDA. Soda ali m'munsi kwambiri pa sikelo imeneyi, chifukwa timibulu take n'tofewa ndipo timasungunuka m'malovu. Makala osinja mumtondo sanayesedwe ndi aliyense: lero asalala, mawa muli timchenga ta pansi pomwe anaotchera. Mu 2017 magazini ya bungwe la madokotala a mano ku America inaunika zomwe zinalembedwa pa mankhwala a makala n'kupeza kuti palibe umboni wokwanira woti amayeretsa mano kapena woti ndi osavulaza. Kuyera komwe munthu amakuona masabata oyamba kumabwera chifukwa makala apala zothimbirira za pamwamba. Akapitiriza amapala dzino lenilenilo, ndipo gawo la mkati, lomwe ndi lachikasu, limayamba kuonekera. Phulusa lili ndi vuto lina lomwe mayi aliyense wophika therere amalidziwa: madzi ochezedwa m'phulusa ndiwo chidulo, ndipo chidulo chimafewetsa masamba chifukwa n'chaukali. Ukali womwewo, tsiku ndi tsiku, umapsereza nkhama. Zonsezi n'zachilengedwe, soda wofatsa ndi mchenga wa mumtsinje wa Phalombe chimodzimodzi, choncho dzinalo silingasiyanitse ufa wabwino ndi woipa.

Kutsetsereka kum'mawa kwa mpata uja kumafikitsa munthu ku Nkhulambe, ndipo kuno tanthauzo la ulendo limasintha. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagumula matope ndi miyala kuchokera m'mapiri, nakokolola midzi, minda ndi chipatala chaching'ono cha m'derali. M'dziko lonse anthu oposa 600,000 anasowa pokhala, ambiri n'kukakhala m'masukulu ndi m'matchalitchi. Akuluakulu a ku Phalombe anali ataziwonapo kale mu Malichi 1991, pamene napolo wa ku Michesi anapha anthu mazanamazana. Munthu wothawa madzi nayenso ndi wapaulendo, wonyamula zochepa kuposa wokwera phiri, koma ulendo wake umatenga miyezi. Pa utali woterewu m'pamene kusowa kwa fluoride kumayamba kuoneka. Mabakiteriya a pamano akadya shuga amatulutsa asidi, ndipo asidiyo akatsitsa pH (muyezo wa asidi) ya pamwamba pa dzino kufika cha pa 5.5, chikutu chija chimayamba kusungunuka. Malovu amabwezeretsa mchere womwe wachoka, koma pang'onopang'ono. Fluoride amafulumizitsa kubwezeretsako, ndipo chomwe chamangidwanso chimapirira asidi kuposa poyamba. Bungwe la Cochrane mu 2003 linaphatikiza makafukufuku oposa 70 okhudza ana oposa 42,000 n'kupeza kuti mankhwala okhala ndi fluoride amachepetsa kubooka kwa mano ndi pafupifupi 24 pa 100 iliyonse. Mu 2021 bungwe la WHO linaika mankhwalawa pamndandanda wa mankhwala ofunikira kwambiri, pa mlingo wa 1,000 mpaka 1,500 ppm (magawo pa miliyoni iliyonse). Soda, mchere, makala ndi masamba osinja alibe mlingo umenewu, ndipo ufa wambiri wogulitsidwa ndi dzina la chilengedwe umachita kunyadira kuti mulibe fluoride.

Wina adzati: agogo athu sankadziwa chubu, koma ankatafuna nzimbe ndi chimanga chokazinga mpaka kukalamba. Funsoli liyankhidwe pamsika wa pa Chiringa kapena pa Migowi, pomwe msewu wozungulira Michesi umakumananso ndi phokoso la malonda. Taonani chomwe wapaulendo amadya akatsika kabaza: tiyi wa masipuni atatu a shuga ndi mandasi, botolo la Fanta masana, filizesi kutentha kukakula, bisiketi m'thumba, switi wobwezeredwa m'malo mwa chenji. Chimene chimaononga dzino si kuchuluka kwa shuga kokha, koma kubwerezabwereza kwake, pakuti nthawi iliyonse asidi amakhala pamano kwa theka la ola kapena kuposa malovu asanamuziziritse. Agogo aja ankadya nsima, nandolo ndi chinangwa kawiri patsiku, nzimbe n'kukhala za nyengo yake. Shuga wa m'paketi anafala dziko lino minda ya ku Nchalo itatsegulidwa m'zaka za m'ma 1960. Kamtengo ndi phulusa zinkakwanira m'kamwa momwe shuga ankalowamo mwa apo ndi apo. Tisaiwalenso kuti timakumbukira agogo a mano athunthu chifukwa anali odabwitsa, pomwe a zibwano zopanda mano timangoti ndi ukalamba. Kafukufuku wa dziko lonse yemwe anachitika mu 2013 n'kusindikizidwa mu 2016 anapeza kuti achinyamata 21 mwa 100 a zaka 12 mpaka 15 anali ndi mano obooka, akuluakulu a zaka 35 kupita m'tsogolo anali 49 mwa 100, ndipo vutoli silinali la m'tauni mokha. Otsuka mano kawiri patsiku sanafike 40 mwa 100.

Pa Migowi pali chipatala chachikulu cha boma lino, ndipo pafupi ndi boma pali cha mishoni cha Holy Family. Zili bwino kuti zilipo, koma woganiza zosiya fluoride ayenera kudziwa chomwe chimamudikira dzino likabooka. Pamene sukulu ya udokotala ku Blantyre, yomwe tsopano ili pansi pa Kamuzu University of Health Sciences, inkalandira ophunzira oyamba a udokotala wa mano mu 2019 mogwirizana ndi University of Glasgow, dziko lonse linali ndi madokotala a mano osakwana 50, ambiri a iwo m'mizinda. Ndondomeko yoyamba ya dziko yokhudza umoyo wa m'kamwa inakhazikitsidwa mu 2022. M'zipatala za m'maboma ntchito imagwiridwa ndi madental therapist ochepa, ndipo wodwala wochokera kutali amafika dzino litawola kale mpaka chotsala n'kuzula. Munthu wa ku London amene wasankha ufa wopanda fluoride ali ndi dokotala woti n'kumumata kabowo kakadali kakang'ono. Mlimi wa nandolo wa kwa Nazombe akalakwitsa chimodzimodzi, amalipira ndi dzino lathunthu, ndalama ya kabaza ndi masiku a kumunda. Izi zimandivuta mtima, chifukwa malangizo oti chilengedwe n'chokwanira amachokera kwa anthu omwe sadzamva ululu wake.

Kuchoka pa Migowi kulowera kumpoto, phiri limatsalira kumbuyo ndipo dziko limasanduka chigwa cha mpunga ndi dothi lakuda, lomwe nthawi ya dzinja limamata matayala a njinga. Madzi a m'mijigo ina ya m'chigwachi amamveka mchere, pakuti nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulukamo. Apa pamabwera chitsutso cholimba kuposa zonse. M'madera ena a Malawi, monga ku Nathenje ndi mbali zina za Machinga, madzi a pansi ali ndi fluoride wopitirira mamiligalamu 1.5 pa lita omwe WHO imalola, ndipo ana akumeneko amakula ndi mano a mawanga ofiirira. Nanga bwanji tiwonjezere fluoride pomwe wachuluka kale? Chitsutsochi n'choona ndithu, koma chikusakaniza kumeza ndi kupaka. Mawanga aja amapangika fluoride akamezedwa tsiku ndi tsiku pomwe mano akadali kuumbika m'nsagwada, mwana asanakwane zaka 8 kapena cha pamenepo. Wamkulu amene watsuka n'kulavula sangachite mawanga. Kwa mwana, yankho ndi mlingo: wosakwana zaka 3 apakiridwe kochepa ngati kambewu ka mpunga, wa zaka 3 mpaka 6 ngati njere ya nandolo, wamkulu ali pomwepo kuonetsetsa kuti walavula. Komanso fluoride wa m'madzi amasiyana mjigo ndi mjigo, alibe fungo kapena kakomedwe, ndipo woyenda amene lero wamwa pa Chiringa mawa pa doko sangadziwe kuti walandira wochuluka bwanji. Komwe madzi ali ndi fluoride wopitirira, choyenera kukonzedwa ndi madziwo.

Msewu umathera pa doko la Swang'oma, pakati pa mabwato, matemba oyanikidwa ndi utsi wowamba milamba. Nyanjayi, yomwe inalowa m'ndandanda wa madambo otetezedwa a Ramsar, imaphwa ndi kudzazanso. Inauma mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 inatsala pang'ono. Ikadzaza, asodzi amakakhala mkati mwake m'zimbowera, timisasa toyandama tomangidwa pa udzu wa m'madzi, kwa masabata kapena miyezi osaponda kumtunda. Awa ndiwo apaulendo enieni a boma lino, ndipo kwa iwo ubwino wa chinthu chouma, chopepuka, chosaonongeka ndi waukulu kuposa kwa wina aliyense. Koma pano mfundo ina ya okonda ufa imagwa, yoti ufa sufuna madzi. Ufa umafuna mswachi wonyowa kuti umatirire, ndipo wokhakhala kapena wamchere umakakamiza munthu kuchukucha m'kamwa. Mankhwala a m'chubu akhoza kupakidwa pa mswachi wouma, ndipo madokotala amalangiza kulavula kokha osachukucha, kuti fluoride atsalire pamano. Pa nyanja yomwe kolera wabukapo kambirimbiri, madzi alionse osathiridwa mankhwala olowa m'kamwa ndi chiopsezo. Kabotolo kamodzi ka ufa koviikamo miswachi yonyowa ya anthu anayi nako sikabwino. Ufa uyenera kuthiridwa padzanja louma, kabotolo n'kutsekedwa.

Pa nyanja yomweyi panachitika chinthu chomwe chikusonyeza njira. Mu 2016, kolera atabuka, a zaumoyo mogwirizana ndi bungwe la Médecins Sans Frontières anaona kuti asodzi a m'zimbowera sangabwerere kudoko patsiku loikika kudzalandira katemera wachiwiri wakumwa. Sanachepetse mankhwala, ndipo sanauze asodzi kuti asiye usodzi. Anawapatsa botolo lachiwirilo kuti apite nalo n'kukamwa okha nthawi ikakwana. Chomwe chinasintha ndi kanyamulidwe, mphamvu ya mankhwala inakhala yomweyo. Ufa wotsukira mano uyenera kuganiziridwa motero. Palibe chimene chimaletsa fluoride kukhala mu ufa. M'mayiko ena muli kale ufa ndi timapiritsi totafuna tokhala ndi mlingo wofanana ndi wa m'chubu. Chinthu chotere, chofewa, choyesedwa, chogulitsidwa m'timapaketi ta mtengo wofikirika, chikanathandiza msodzi, wogulitsa nsomba wa panjinga ndi banja la pamsasa wa othawa madzi. Sichingapangidwe pakhomo: fluoride wochuluka ndi poizoni, ndipo kumusakaniza mofanana mu ufa kumafuna sikelo ndi makina. Ndi ntchito ya opanga mankhwala, ndipo a Malawi Bureau of Standards ayenera kuonetsetsa kuti paketi iliyonse ya ufa yalembedwa mlingo wa fluoride ndi wa kukhakhala, kuti wogula asamangodalira chithunzi cha tsamba lobiriwira.

Chatsala n'chitsutso cha mtengo, ndipo sindichipeputsa. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023, zinthu za m'sitolo zinakwera, ndipo banja lomwe likusankha pakati pa sopo, mchere ndi chubu silingadzudzulidwe likasiya chubu. Kwa banja lotere kamtengo ndi soda pang'ono n'zabwino kwambiri kuposa kusatsuka, ndipo n'zabwino kuposa makala ndi phulusa. Koma chubu chimatha msanga makamaka chifukwa anthu amadzaza mswachi wonse monga amaonera pa zithunzi za otsatsa malonda, pomwe kochepa kokha n'kokwanira. Boma nalo likhoza kuchotsa misonkho pa mankhwala okhala ndi fluoride, popeza WHO inawaika kale m'gulu la ofunikira. Pomwe ufa woyesedwa uja sunafike m'maokala a pa Swang'oma, msodzi wopita kukakhala mwezi m'chimbowera atenge zonse ziwiri: kamtengo kochotsera litsiro masana akadya, kamene sikafuna madzi, ndi kachubu kakang'ono kwambiri kokulungidwa m'pulasitiki, kogwiritsa ntchito m'mawa ndi usiku pogona. Zikavuta n'kusankha nthawi imodzi, ikhale ya usiku, chifukwa munthu akagona malovu amachepa ndipo asidi amakhalitsa pamano.